Mmene kompyuta ya ku Mchinji imafikira ya ku Salima kudzera pa hub ya VPN ku Lilongwe

Mabungwe ambiri omwe likulu lawo lili ku Lilongwe ali ndi nthambi m'maboma: ma SACCO, masitolo ogulitsa zipangizo zaulimi, zipatala zazing'ono, mabungwe othandiza anthu. Akalumikiza nthambizo ndi likulu pa VPN, njira yobisika yolumikizira maofesi kudzera pa intaneti, dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi limodzi. Nthambi iliyonse ikufika pa seva ya ku likulu popanda vuto, koma kompyuta ya ku Mchinji ikulephera kufika pa ya ku Salima, chonsecho rauta zonse, zipangizo zomwe zimalumikiza ofesi ndi intaneti, zikusonyeza kuti VPN ili moyo. Ambiri amafulumira kuloza chala kampani ya intaneti, pomwe nthawi zambiri chalakwika ndi kasanjidwe. VPN ikalumikizika ndiye kuti msewu watseguka basi. Kuti nthambi ziwiri zilankhulane kudzera pakati, rauta iliyonse iyenera kudziwa kopita ndi kobwerera, ndipo ya pakatiyo, yomwe amaitcha hub, iyenera kulola kudutsitsa.

Tunnel ndi hub

Chilichonse chotumizidwa pa netiweki chimadulidwa m'tizidutswa totchedwa mapaketi, ndipo paketi iliyonse imakhala ndi adiresi yochokera ndi yopita. VPN imatenga paketi ya mkati mwa ofesi, kuibisa ndi makiyi, n'kuikulunga m'paketi ina yomwe ingayende pa intaneti wamba. Ikafika tsidya lina imamasulidwa. Njira imeneyi pakati pa rauta ziwiri ndi yomwe amaitcha tunnel.

Kale makampani ankachita kubwereka mzere wawowawo ku kampani ya mafoni, kapena kuimika mbale ya setilaiti ya VSAT, ndipo zonsezi zinali zodula. Kenako kunabwera njira zopangira VPN pa intaneti wamba. IPsec inalembedwa koyamba mu 1995 n'kukonzedwanso mu 1998 ndi 2005. OpenVPN, ya James Yonan, inatuluka mu 2001. WireGuard, ya Jason Donenfeld, inalowa m'kati mwa Linux 5.6 mu 2020, ndipo rauta za MikroTik zinayamba kukhala nayo kuyambira pa RouterOS 7. Zitatuzi ndi zomwe mungazipeze m'maofesi ambiri lero.

Pali njira ziwiri zolumikizira malo ambiri. Yoyamba, malo alionse akhale ndi tunnel yopita ku malo ena onse. Maofesi 4 amafuna ma tunnel 6, koma maofesi 10 amafuna 45, ndipo mukatsegula ofesi ya 11 muyenera kukagwira rauta zonse 10 zakale. Yachiwiri, musankhe malo amodzi akhale pakati, omwe ndi hub, nthambi iliyonse ikhale ndi tunnel imodzi yokha yopita kumeneko. Maofesi 10 amangofuna ma tunnel 9.

Zili ngati katundu wochoka ku Mchinji kupita ku Salima pa minibasi. Amayamba wafika pa depoti ya Lilongwe, n'kutsitsidwa, n'kukwezedwa m'galimoto ina. Kuti afike pafunika kuti wotumiza ku Mchinji adziwe kuti za ku Salima zimadzera ku Lilongwe, pa depotipo pakhale wosamutsa, ndipo wa ku Salima adziwe kuti yankho lake libwerera njira yomweyo. Chimodzi chikasowa, katundu safika kapena yankho silibwera, ngakhale misewu yonse ili bwino.

Maadiresi asafanane

M'maofesi timagwiritsa ntchito maadiresi omwe anapatulidwa mu 1996 m'chikalata cha RFC 1918: 10.0.0.0/8, 172.16.0.0/12 ndi 192.168.0.0/16. Nambala ya pambuyo pa / imasonyeza kukula kwa chigawo cha maadiresi: ikakhala yaikulu, chigawocho ndi chaching'ono. Maadiresiwa sayenda pa intaneti, choncho aliyense ali ndi ufulu wowagwiritsa ntchito. Vuto limayambira pomwepo. Rauta zambiri zogula m'sitolo zimabwera ndi 192.168.0.0/24 kapena 192.168.1.0/24, MikroTik imabwera ndi 192.168.88.0/24, ndipo woika amangozisiya choncho. Ngati Mchinji ndi Salima onse ali pa 192.168.1.0/24, kompyuta ya ku Mchinji ikafuna 192.168.1.50 imaganiza kuti ili m'chipinda momwemo, ndiye paketi situluka n'komwe kupita pa rauta.

Alipo amene amathawa vutoli poika pakati pa ma tunnel NAT, yomwe imasintha maadiresi a mapaketi akamadutsa pa rauta. Zimatheka, koma wodzalowa m'malo mwanu adzavutika nazo kwa zaka. Ndi bwino kupirira tsiku limodzi losintha maadiresi, kuphatikizapo a maprinta ndi makamera omwe analembedwa pamanja. Sankhani chigawo chimodzi chachikulu cha bungwe lonse, monga 10.20.0.0/16, n'kuchigawa motere: likulu 10.20.1.0/24, Mchinji 10.20.2.0/24, Salima 10.20.3.0/24, Mzuzu 10.20.4.0/24, ndipo ma tunnel enieniwo 10.20.255.0/24. Phindu la kagawidwe aka lioneka posachedwa.

Chifukwa chake hub imafuna adiresi yoonekera pa intaneti

Maadiresi a IPv4, mtundu wakale wa maadiresi a pa intaneti, anayamba kusowa kalekale, ndipo AFRINIC, bungwe logawa maadiresi mu Africa, limapereka mochepa kwambiri tsopano. Makampani a intaneti, makamaka a mafoni, amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi. Izi ndi zomwe amati CGNAT, ndipo chigawo cha 100.64.0.0/10 chinapatulidwira ntchito imeneyi mu 2012. Starlink, yomwe inayamba kupezeka m'Malawi mu 2023, nayonso imaika makasitomala wamba kuseri kwa CGNAT pa IPv4. Kuti mudziwe ngati muli m'gulu limeneli, onani adiresi yomwe rauta yalandira kumbali ya WAN, yoyang'ana ku intaneti. Ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikasiyana ndi yomwe mawebusayiti oonetsa adiresi akukuuzani, ndiye kuti palibe angakuimbireni kuchokera kunja.

Nthambi ziwiri zonse zikakhala choncho sizingayambitse tunnel pakati pawo mwachindunji popanda wina wozithandiza. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chomwe hub imasankhidwira kuno kwathu, kuposa kuchepetsa chiwerengero cha ma tunnel. Malo amodzi okha ndiwo afunika adiresi yokhazikika yoonekera pa intaneti, ndi doko lotsegula, nambala yomwe VPN imalandirirapo mapaketi: UDP 51820 ndi lomwe ambiri amasankha pa WireGuard, UDP 1194 pa OpenVPN, UDP 500 ndi 4500 pa IPsec. Nthambi ndizo zimaimbira hub kuti tunnel iyambe.

Pali kanthu kakang'ono apa komwe kamasokoneza anthu ambiri. Makina a NAT amaiwala kulumikizana komwe kwakhala chete kwa kanthawi. Salima ikakhala osatumiza kalikonse, hub imasowa poifikira, ndiye Mchinji imalephera kufika ku Salima mpaka wina wa ku Salima atatsegula kenakake ka ku likulu. Anthu amati netiweki imagwira ikafuna. Pa WireGuard, lembani PersistentKeepalive = 25 pa nthambi iliyonse kuti izitumiza kapaketi masekondi 25 alionse. OpenVPN ili ndi keepalive, IPsec ili ndi DPD ndi NAT keepalive, zogwira ntchito yofananayo.

Kopita ndi kobwerera

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Rauta iliyonse ili ndi mndandanda wa njira, ndipo ikalandira paketi imasankha mzere womwe ukugwirizana kwambiri ndi adiresi yopita. Ikasowa mzere, imaitumiza ku intaneti wamba, komwe adiresi ya 10.20.3.15 imatayidwa mwakachetechete.

Tiyeni titsate paketi imodzi. Kompyuta 10.20.2.40 ya ku Mchinji ikufuna 10.20.3.15 ya ku Salima. Ikuona kuti adiresiyo si ya m'nyumba, ndiye ikupereka kwa rauta yake. Rauta ya ku Mchinji iyenera kukhala ndi mzere wonena kuti za 10.20.3.0/24 zilowe mu tunnel. Nthawi zambiri woika analembamo 10.20.1.0/24 yokha, poti tsiku loika ankangofuna seva ya ku likulu. Hub ikamasula paketiyo iyenera kudziwa kuti 10.20.3.0/24 ili kuseri kwa tunnel ya Salima. Ku Salima paketi ifika pa kompyuta, kompyuta iyankha, ndipo rauta ya ku Salima iyenera kudziwa kuti 10.20.2.0/24 imadzera mu tunnel. Mbali yomalizayi ndi yomwe imaiwalika kwambiri, chifukwa munthu amakonza rauta yomwe wakhala pafupi nayo n'kuiwala ya kutali.

Pa WireGuard zonsezi zili mu AllowedIPs, mzere womwe umagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Potuluka, umanena kuti paketi yopita ku maadiresi awa ipite kwa mnzathu uyu. Polowa, umanena kuti kuchokera kwa mnzathu uyu tilandira mapaketi ochokera ku maadiresi awa okha, ena onse atayidwe. Ndiye pa hub, Mchinji ilembedwe 10.20.255.2/32 ndi 10.20.2.0/24, Salima ilembedwe 10.20.255.3/32 ndi 10.20.3.0/24. Chigawo chimodzi chisalembedwe pa nthambi ziwiri, chifukwa WireGuard imachichotsa pa yoyamba n'kuchipereka kwa yomaliza osakuchenjezani.

Pa nthambi iliyonse, mnzake ndi mmodzi yekha, hub, ndipo apa kagawidwe kaja kakuthandizani. M'malo molemba nthambi zonse imodzi ndi imodzi, lembani 10.20.0.0/16. Musaope kuti za m'nyumba zilowa mu tunnel: 10.20.2.0/24 ndi yolunjika kwambiri kuposa 10.20.0.0/16, choncho rauta ya ku Mchinji imasankha yake ya m'nyumba. Mukadzatsegula nthambi ku Mangochi mudzangowonjezera pa hub, rauta za m'nthambi zina osazigwira.

Pa Linux, wg-quick, pulogalamu yoyatsira WireGuard, imatenga zomwe zili mu AllowedIPs n'kuzilemba yokha pa mndandanda wa njira. MikroTik sichita zimenezo. Mukalemba allowed-address muyenera kupitanso ku IP Routes n'kuwonjezera njira yoloza ku tunnel, apo ayi tunnel idzaoneka yamoyo koma yopanda kanthu.

OpenVPN imasunga mindandanda iwiri. Mawu akuti route amauza kompyuta ya hub kuti chigawo chakuti chilowe mu OpenVPN, pomwe iroute, yolembedwa m'fayilo ya nthambiyo mu client-config-dir, imauza OpenVPN mwini wake kuti chigawocho chili kwa kasitomala uti. Dzina la fayiloyo liyenera kufanana ndendende ndi dzina lomwe lili mu satifiketi ya nthambi. Kenako push route imadziwitsa nthambi zina. Mukatsegula client-to-client, mapaketi a pakati pa nthambi amakhotera mkati mwa OpenVPN momwemo osadutsa pa firewall, yomwe imasefa mapaketi pa hub, zomwe ndi zosavuta koma zimakulandani mphamvu yosefa.

IPsec yachikale, yomwe imasankha mapaketi potengera ma policy, imafuna kuti maadiresi a mbali zonse agwirizane ngati kalilole. Tunnel ya Mchinji ikhale ndi 10.20.2.0/24 kupita ku 10.20.3.0/24, hub ikhale ndi zomwezo motembenuza, ndipo tunnel ya Salima chimodzimodzi. Nthambi zikachuluka mizere imeneyi imatopetsa, n'chifukwa chake ambiri amasamukira ku IPsec yokhala ndi VTI kapena GRE, yomwe imatsata mndandanda wa njira monga mwa masiku onse.

Ngati VPN ili pa kabokosi kapadera, osati pa rauta yomwe makompyuta amatulukira, rauta yaikuluyo iuzidwe kuti 10.20.0.0/16 ili kuseri kwa kabokosiko. Popanda izi mayankho onse amalowera ku intaneti.

Pa hub penipeni

Paketi yochoka ku Mchinji imalowa pa hub n'kutulukira pa khomo lomwelo la VPN, ndipo makina ambiri amakana zimenezi mpaka mutawalola. Pa Linux yambani ndi net.ipv4.ip_forward=1, ndipo mulembe m'fayilo ya sysctl kuti isafufutike magetsi akathima. Kenako firewall ilole mapaketi olowa pa wg0, khomo la WireGuard, kutulukanso pa wg0. Anthu ambiri amalemba lamulo la wg0 kupita ku LAN, netiweki ya m'ofesi, ndi la LAN kupita ku wg0, n'kuiwala lachitatuli. Pa Cisco ASA lamulo lake ndi same-security-traffic permit intra-interface.

Musalole chilichonse kupita kulikonse chifukwa chongofuna kuti zigwire. Hub imamasula paketi iliyonse isanaibisenso, choncho ndi malo abwino osefera. Ngati Mchinji ikungofuna pulogalamu yowerengera katundu ya ku Salima, tsegulani adiresi imodziyo ndi doko lake basi. Kachilombo kotseka mafayilo kakalowa pa kompyuta imodzi ku Mzuzu, doko la 445, logawanira mafayilo pa Windows, lotseguka ku nthambi zonse ndi lomwe lingakafikitse ku maofesi onse usiku umodzi.

Njira yachidule yomwe imakopa ambiri ndi kuika masquerade pa hub, kuti mapaketi onse azioneka ngati achokera pa hub pomwepo. Ping, yoyesera ngati kompyuta ina ikufikika, imayamba kuyankha, aliyense n'kusangalala. Koma njira yobwerera ija sinakonzedwe, yangobisika. Salima ikadzafuna kuyamba yokha kulankhula ndi Mchinji idzalephera, ndipo m'kaundula wa seva simudzadziwanso kuti ndi kompyuta iti inalowa.

Pofufuza vuto, yambirani pakati. Lamulo la wg show likuonetsani nthawi yomwe nthambi iliyonse inagwirana chanza ndi hub komaliza. Pa tunnel yomwe ikuyenda, nthawiyo siyenera kupitirira mphindi ziwiri kapena zitatu. Kenako tsegulani tcpdump -ni wg0 icmp pa hub kuti muziona mapaketi odutsa, wina atumize ping kuchokera ku Mchinji. Mukapanda kuona kalikonse, vuto lili ku Mchinji. Mukaona pempho likulowa koma osatuluka, vuto lili pa hub. Likatuluka koma yankho osabwera, pitani ku Salima, ndipo kumbukirani kuti firewall ya Windows nthawi zambiri imakana ping ndi kugawana mafayilo kuchokera ku chigawo chachilendo. Yesani kaye printa kapena rauta ya kumeneko musanagamule.

Ping ikuyankha koma mafayilo akuima

Ili ndi vuto la kukula kwa paketi. Ethernet imanyamula ma byte 1500 pa paketi imodzi. WireGuard imawonjezera 60 pa IPv4 kapena 80 pa IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi, n'chifukwa chake wg-quick imaika malire a kukula kwa paketi, otchedwa MTU, pa 1420. Mzere wa PPPoE, njira yomwe makampani ena a intaneti amalumikizira makasitomala, umadya ena 8, ndiye 1412 ndi yotetezeka, ndipo pa mizere ina ya mafoni mungafunike kutsika kupitirira apo. Mapaketi aang'ono amadutsa, aakulu amatayidwa, ndipo ngati uthenga wa ICMP wochenjeza wotumiza watsekedwa penapake, pulogalamu imangoima osanena kanthu.

Yezani ndi ping -f -l 1392 pa Windows kapena ping -M do -s 1392 pa Linux. Nambala 1392 kuphatikiza 28 ya mitu ya paketi ndi 1420. Ikakana, tsitsani pang'onopang'ono mpaka idutse. Pa hub, tunnel yofooka ndi yomwe imalamulira: Mchinji ikhoza kukhala ndi 1420 koma Salima 1380. Kuchepetsa TCP MSS pa rauta, malire a zomwe makompyuta awiri amagwirizana kuika m'paketi imodzi, ndi clamp-mss-to-pmtu pa Linux kapena change-mss pa MikroTik, kumathetsa mbali yaikulu ya vutoli.

Zomwe hub imalipitsa

Chilichonse chodutsa pakati pa nthambi chimalowa pa mzere wa likulu n'kutulukanso pa mzere womwewo. Malire ake ndi upload, liwiro lotumizira, ya hub. Ngati likulu lili ndi 5 Mbps yotumiza, woyang'anira ali ku Mzuzu akatsegula makamera awiri a ku Salima, omwe iliyonse imatha kudya 2 mpaka 4 Mbps, seva ya akaunti iyamba kuchedwa kwa aliyense. Kuchedwa kwa ulendo nakonso kumaphatikizana: wa Mchinji kufika pa hub, kuwonjezera wa hub kufika ku Salima.

Magetsi a ESCOM akathima ku likulu, nthambi zonse zimasiyana ngakhale kwawo kuli kowala. Rauta ya hub, modemu ndi kabokosi ka fibre zikhale pa UPS kapena invata imodzi. Pali chinanso chobisika: rauta zina zotsika mtengo zilibe batire la wotchi, ndiye zikayaka zimakhala ndi deti lakale. WireGuard imakana kugwirana chanza ngati nthawi yabwerera m'mbuyo, ndipo satifiketi za OpenVPN ndi IPsec zimaoneka ngati sizinayambe kugwira ntchito. Rauta izitenga nthawi pa NTP kudzera pa intaneti wamba, osati kudzera mu tunnel yomwe ikudikira nthawiyo.

Zomwe akatswiri sanagwirizane

Funso loyamba ndi la komwe hub ikhale. Ikakhala mu ofesi ku Lilongwe ili pafupi ndi seva, koma imadalira magetsi ndi mzere wa ofesiyo. Ikakhala pa seva yobwereka ku Johannesburg kapena London, sithima ndipo adiresi yoonekera imabwera nayo, koma imalipiridwa ndi ndalama zakunja, ndipo paketi ya ku Mchinji imatuluka m'dziko kuti ifike ku Salima. Mu fibre, makilomita 100 alionse amawonjezera pafupifupi milisekondi imodzi kupita ndi kubwera. Komabe mapaketi a pakati pa makampani awiri a intaneti a m'dziko muno nthawi zina amazungulira kunja kale, malinga ndi mmene makampaniwo alumikizirana, choncho yankho limapezeka poyeza ndi traceroute, yomwe imaonetsa modutsa paketi, kuchokera ku nthambi iliyonse. Popeza hub imamasula mapaketi, bungwe losunga za odwala kapena za mamembala liyeneranso kufunsa zomwe lamulo la Data Protection Act la 2024 likunena pa zotumiza uthenga wa anthu kunja.

Lachiwiri ndi la hub yachiwiri, mwina ku Blantyre. Njira zolembedwa pamanja sizisamuka zokha hub ina ikafa, ndiye pafunika OSPF kapena BGP, zomwe zimasintha njira zokha, ndipo pa WireGuard izi zimayenda bwino tunnel iliyonse ikakhala ndi khomo lake. Ena amati bungwe la nthambi zinayi silifunika zonsezi, ena amati tsiku limodzi lopanda netiweki pa nyengo yogulitsa feteleza limaposa mtengo wa rauta yachiwiri.

Lachitatu ndi loti nthambi zizilumikizana zokha pakafunika, hub n'kungokhala yozidziwitsana. Cisco imachita izi ndi DMVPN, Fortinet ndi ADVPN, ndipo Tailscale ndi ZeroTier zimayesa kuboola NAT, zikalephera zimadutsitsa mapaketi pa maseva awo. Kuseri kwa CGNAT ya mbali zonse ziwiri, kuboolako sikutheka nthawi zonse, ndipo malo amodzi osefera aja amatayika. IPv6 ikanachotsa vuto la maadiresi, koma izi zimadalira kuti kampani iliyonse yomwe nthambi zanu zikugwiritsa ntchito ikuipereka pa mzere womwe mwagula, zomwe muyenera kufufuza m'boma lililonse lomwe muli nthambi.